Mizere Iwiri pa Sikirini

Enock atakanikiza batani loyatsira laputopu, Doreen anatsinzina.

Kuyambira m'mawa laputopuyo inkangotsegukira ku Linux, pulogalamu ina yoyendetsera kompyuta imene msuweni wakeyo, Enock, anamuikira pambali pa Windows kuti aziphunzirira. Windows sinkaonekanso, chonsecho vidiyo ya chinkhoswe imene Doreen anajambula inali momwemo. Pakhonde la shopu, a Nachisale, mayi a mtsikana wa chinkhosweyo, ankadikira pabenchi. Anabwera pa Namitete pa kabaza kudzatenga vidiyoyo.

"Ukakhala kuti waifufuta, msuweni, ukwati wathu watha lero lomwe," anatero Doreen.

"Mkazi wanga, mtima m'malo. Ndinangoiwala kuuza GRUB, kamlonda kapakhomo kaja, kuti m'nyumba muno muli anthu awiri. Pano ndakauza."

Enock ankaseka, koma thukuta linali kamukamu pamphumi.

A Nachisale, osadziwa kanthu, anasuzumira pazenera n'kuika kapepala ka mtedza wokazinga patebulo. "Muzitafuna, ana anga. Ine sindikuthamangira kulikonse."

Ambuye, musandichititse manyazi pamaso pa mayiwa, anapemphera chamumtima Doreen.

Atatsegula maso, sikirini inali bii. Kenako panatulukira mizere iwiri yoyera, Linux pamwamba, Windows pansi pake.

"Onse ali moyo!" Enock analumpha mpaka mpando unagwa. "Sankha msanga, iwe, isanakusankhire yokha!"

Doreen anatsikira pa mzere wachiwiri. Windows itatseguka, anadina vidiyo ija.

Nthungululu itangomveka m'masipika, a Nachisale anaiyankha ali pakhonde pomwepo.