Mbale ya balere pakhonde la Khemraj

Panali munthu wina, dzina lake Khemraj, wa kumapiri kwathu kuno ku Nepal, amene ankagwira ntchito yomanga nyumba ku Doha. Tsiku lina analowa mu ofesi yogulitsa matikiti a ndege n'kupempha tikiti yotchipa kuposa onse yopitira kwawo.

Wogulitsayo anali mtsikana wa kwathu komweko, dzina lake Sarmila.

"Achimwene, munapita liti kumudzi?"

"Papita zaka, mlongo."

"Ndiye pitani pa chikondwerero cha Dashain. Mvula imakhala itasiya, misewu itatseguka, mapiri akuoneka. Amayi alipo?"

"Alipo, koma akalamba."

"Basitu, musaganizenso kawiri. Akakupakeni tika ya madalitso pamphumi."

Khemraj anaseka. "Iwe ukufuna undidyere thukuta langa. Pa Dashain tikiti imadula ngati ndikugula ndege yomwe, ndipo m'basi mumakwera anthu ndi mbuzi mpaka padenga. Ndipita chikondwerero chikatha. Mayi ndi mayi mwezi uliwonse."

"Mayi ndi mayi," anatero Sarmila, "koma mphukira sizidikira munthu."

Iye sanamve. Anagula ya mwezi wozizira.

Kumudzi amayi ake anali atafesa kale balere m'chipinda chamdima, monga timachitira tonse Dashain akamayamba. Tsiku la tika litafika anasakaniza mpunga, chambiko ndi ufa wofiira, nadula mphukira zachikasu, nakhala pakhonde. M'nyumba zina ana ankagwada, makolo n'kuwapaka mpungawo pamphumi, kuwasomeka mphukira kukhutu ndi kuwadalitsa. Pakhomo pawo sipanagwade munthu. Basi iliyonse ikalira kumusi ankaimirira, kenako n'kukhalanso. Anadikira mpaka mwezi unakhala wathunthu, tsiku lomaliza limene mwambo umalola. Kutacha anakasiya mphukirazo kumtsinje.

Khemraj anafika kuzizira kutayamba, atawanyamulira amayi ake bulangete latsopano ndi foni. Katungwe wa nsungwi amene timamanga pa Dashain anali atapasulidwa. Anzake onse anali atabwerera kuntchito.

"Amayi, ingondipakani lero. Mpunga si ulipo?"

"Mpunga ulipo, mwana wanga. Tsiku lake ndiye palibe."

"Chaka chamawa ndibwera pa nthawi yake."

"Chabwino. Idya kaye, waonda ngati ndodo ya m'busa."

Chaka chotsatira anapitanso kwa Sarmila, nagula tikiti ya Dashain osanyinyirika. Koma mvula ili pafupi kusiya, foni ija inamuimbira, ndipo mawu sanali a amayi ake. Anali a mayi Phulmaya oyandikana nawo nyumba. Amayi ake anali atatisiya.

Anabwera, anameta mutu, anavala zoyera, nachita zonse zimene mwana wamwamuna amachita pa maliro. Dashain anamupeza ali m'mudzi, pa nthawi yake ndithu. Koma nyumba ya maliro sifesa balere ndipo silandira tika mpaka chaka chithe.

Anakhala pakhonde pomwe paja, pampando wa amayi ake. Ana ankadutsa mphumi zili psuu, mphukira zikugwedera kukhutu. Akamuona ankasiya kuseka, n'kulambalala. Kumtunda katungwe ankalira kwee, kwee. Fungo la nyama ya mbuzi linkachokera mbali zonse. Ndipamene anazindikira kuti pampandowo munthu amaona bwino msewu wonse wochokera kumusi, mpaka pamene basi imaima.

Dzuwa likupendeka, mayi Phulmaya anabwera mwakachetechete ndi kambale. Munali balere wouma, wosafesa. Anakaika pambali pake.

"Azakhali, sindikuloledwa chaka chino."

"Ndikudziwa, sindine mwana. Si wa chaka chino."

"Nanga ndi wachiyani?"

"Chaka chatha mbewa zinanditherapo mbewu. Amayi ako anandipungulira yawo. Ndinawauza kuti achepekedwa, iwo akuti, 'Ine wanga ndi mmodzi yekha, zimukwanira.' Ndinachedwa kubweza."

Khemraj anagwira kambaleko ndi manja awiri.

"Usunge pouma," anatero mayiwo akutembenuka. "Chaka chamawa ufese. Ndikadzakhala ndilipo, udzawoloke mpandawu. Dzanja langa limanjenjemera, koma mphumi silinaiphonyepo."

Anabwerera kwawo kumene zidzukulu zinkawaitana.

Phunziro: Nyengo yabwino yopitira kwanu si imene tikiti yatchipa kapena basi ili ndi malo. Ndi imene wina wakufeserani mbewu ndipo akuyang'ana kumsewu. Chikondwerero chimabweranso chaka chilichonse, koma dzanja lokudalitsani silibwera kawiri. Ngati muli ndi mnzanu amene ali kutali ndipo amangoti "chaka chamawa", mutumizireni nkhaniyi lero.