Khwangwala Alira Maliro a Mayi Amoyo

Padangotero, kusukulu ya mbalame kunagwa malonda okoma mokayikitsa: nyimbo yathunthu ya mayeso, mtengo wake nthenga imodzi. Wogulitsa anali Chinkhwe, amene anabisala n'kuloweza nyimboyo Njiwa akuipeka. Khwangwala, wophunzira waulesi, anagula osafunsa mwini wake.

Tsiku la mayeso, makolo ali pompo, Khwangwala anaimba motukumula chifuwa: "Mayi anga munapita, mwandisiya ndekha!"

Njiwa, wamasiye weniweni, anakuwa mwaukali: "Aphunzitsi, misozi imeneyo ndi yanga!"

Mphunzitsi Kadzidzi asanayankhe, Mayi Khwangwala anadzambatuka. "Chitsiru iwe, ndinafa liti ine? Mphutsi wadya m'mawa zija wakupatsa ndi mzukwa?"

Khwangwala anachotsedwa sukulu. Kwa Chinkhwe analipira nthenga imodzi yokha. Zotsalazo anamuzula ndi mayi ake, imodziimodzi, mpaka kumchira.