Mlandu Unawolera m'Chitini

Chala cha kalaliki wa khoti ku boma la Dedza chinaima pa mzere wotsiriza wa pepala la mgwirizano wa a Gerevazio ndi kampani ya buledi.

"Bambo Gerevazio, pano palembedwa kuti wodandaula adandaule chaka chisanathe. Chikwangwani anadzachotsa liti?"

Tsikulo a Gerevazio sakanaliiwala. Kampani ya buledi inawauza kuti amange kantini ya njerwa zootcha ku Bembeke, ndipo buledi wake azigulitsa iwo okha dera lonselo. Anagulitsa ng'ombe ziwiri, namanga. Kenako lole ya kampaniyo inadzachotsa chikwangwani n'kukachikhoma pa sitolo ya munthu wina.

"Sabata yomwe tinaika mayi akunyumba, a Magadalena," anayankha. "Namfedwa sapita kukakangana pabwalo. Ndinadikira m'meto, kenako Misa yokumbukira chaka."

"Ndiye kuti nthawi inatha mwezi watha."

"Mwana wanga, mlandu suwola. Kwathu mdzukulu amazenga mlandu wa agogo ake."

Kalalikiyo anayang'ana ku chitseko cha mzungu woweruza, natsitsa mawu. "Kumudzi suwola, bambo. Kuno umawola."

Anapinda pepala lija mmene linalili, nawabwezera ndi manja awiri.

A Gerevazio analibwezera m'kachitini ka fodya momwe linagona chaka chonse, pamodzi ndi kolona ya malemu. Chiswe sichinalilawe, mvula sinalikhudze, chidindo cha chala chawo chinali chikadaoneka bwinobwino. Analisamala ngati mwana.

Koma wodziwa kuwerenga pakhomo pawo anali a Magadalena.