Kachingwe ka Mitundu Itatu

Mphepo ya mu Ogasiti inayamba m'mamawa, ikutola fumbi la mu Chawama ndi kulithira pa makina osokera a Majidi. Kuseri kwa nyumba, kachitini kabuluu kopachikidwa pa msomali wa mpanda kankangogogoda malata. Majidi anapukuta makinawo kachiwiri, ngakhale panalibe chosoka. Chibwerereni salaula, zovala za kaunjika zija, anthu ankangomubweretsera mabatani othothoka.

Inali itatha miyezi isanu chibwerere kuchokera ku Mozambique. Anapitako mkazi wake Mwanajuma atamwalira, ndipo anakhala zaka ziwiri ku Tete, pamalo osungira ana amene nkhondo inawalekanitsa ndi makolo awo. Sankalipidwa. Ankaphika phala la nsinjiro, kusoka timakabudula, ndi kuyeza mikono ya ana ndi kachingwe ka mitundu itatu. Kobiriwira, mwana ali bwino. Chikasu, akukwera kapena akutsika. Kofiira, manda ali pafupi.

Anabwerako ndi chikwama chimodzi ndi kachingweko. Ali ku Tete ankaganiza kuti njala yotere ndi ya kumene kuli nkhondo. Atafika kwawo anaipeza ikusewera pakhonde pake. Sankathanso kuona mwana osayang'ana mkono wake.

Anthu a mu komboni anadikira mphatso zakunja, sizinabwere. Kenako anayamba kufunsana. Ndani amagwira ntchito yaulere zaka ziwiri? Wina anamuona akukulunga kachingwe pa mkono wa mwana. Pofika Lamlungu, nkhani inali itamveka mpaka kumsika: telala wachisilamu uja amayeza ana kuti akawagulitse kwa a satana.

Amene ankaikoleza kwambiri anali Kalumba, wa nyumba ya kuseri kwa mpandawo. Kampani imene ankagwirako itagulitsidwa, ntchito inatha. Ankavalabe tayi m'mawa uliwonse, n'kukhala pakhomo tsiku lonse. Kwa masabata atatu tsopano anali ataletsa mkazi wake Marjory kuponda pakhonde la telalayo, ndipo Monde, mwana wawo wamkazi wa zaka zitatu, sankachoka pamaso pa bambo wake.

Cha m'ma teni koloko anafika. Anali anthu ngati makumi awiri, ena atanyamula miyala. Patsogolo panali Kalumba ndi Ngosa, mwini nyumba imene Majidi ankachita lendi. Majidi sanaimirire.

"Ba telala, lelo mutiuze," anatero Kalumba. "Bana bathu muwapimila chani?"

Majidi anavindikira makina ndi nsalu kuopa fumbi.

"Muona? Sakamba. Ni mfiti iyi!"

Pomwepo Marjory anadutsa pakati pa anthuwo, Monde ali m'manja. Mawu ake anaposa a onse.

"Imwe ba Majidi, mulibe nsoni? Mukazi wanu munamudya, manje mufuna bana ba anzanu?"

Dzanja la Majidi linaima pa nsalu paja. Aka kanali koyamba munthu kumutchulira Mwanajuma chomwecho.

Marjory anamuika mwanayo pakhonde, nakwinya dzanja la diresi lake mpaka paphewa.

"Onetsani banthu vimene mumachita. Apa, pamaso pa bonse."

"Bamake Monde, muchotse mwana apo!" Kalumba anakalipa. "Mwana wanga sasoba kanthu. Asamugwile!"

"Lekani achite, batate Monde. Ba Ngosa baone na maso yao. Kapena mufuna bazikamba kuti tinamunamizila?"

Anthu anavomereza mwaphokoso. Kalumba anakonza tayi yake, nabwerera m'mbuyo pang'ono.

Majidi anapisa m'thumba la malaya. Kachingwe katatuluka, amayi ena anakokera ana awo kumbuyo. Iye anagwada, anapeza pakati pa phewa ndi chigongono, anakulunga mosamanga kwambiri. Mwanayo sanalire. Ankangomuyang'ana, akunyambita milomo. Majidi anayang'anitsitsa kachingweko nthawi yaitali, anakamasula, n'kuyezanso.

"Chikasu," anatero.

Ndi mawu okhawo amene anayankhula.

"Mwamvela? Ayamba kulodza!" wina anakuwa kumbuyo. Mwala unagunda denga.

Marjory anatsomphola mwana wake, analavula pansi pafupi ndi phazi la Majidi, nadziphimba kumaso ndi chitenje. Mapewa ake ankanjenjemera. Amayi awiri anamugwira mbali ndi mbali, akumuuza kuti asapse mtima chomwecho, Mulungu amulanga yekha munthuyo.

Ngosa anakweza dzanja kuti anthu akhale chete.

"Ba Majidi, ine sinifuna nyumba yanga ba itenthe. Mwezi ukasila, muchoke."

Majidi anagwedeza mutu. Mwezi unali utatsala ndi masiku khumi ndi limodzi. Anawawerenga mumtima, ndipo anaona kuti angakwane.

Anthu anabalalika pang'onopang'ono, ena akutukwanabe. Kalumba ndiye anachoka pomaliza, ataloza chala kumaso kwa telalayo. Mphepo inafafaniza mapazi awo onse pabwalo.

Majidi anapinda kachingwe kaja nalowa m'nyumba. Masabata atatu apitawo, Marjory atamudutsitsa mwanayo pa mpanda mobisa, akulira, kachingweko kanaima pofiira, ndipo chiletsereni Kalumba, mayiyo analibe njira ina yomuyezetseranso kupatula kunamizira ukali pagulu paja. Majidi anasinja mtedza, anaphika phala, anatsuka kachitini kabuluu, anakadzaza, n'kukapachikanso pa msomali paja, pamene Marjory ankakatenga mobisa tsiku lililonse.