Khoswe M'khola la Eni

"Pano si panu, alamu. Munabwera ndi kachikwama basi."

A Willie anayankhula ataima pamalire a munda, khasu lili paphewa, ana akumva. Laston, mwamuna wa mlongo wawo Duwa, anangotaya chimanga chambewu chomwe anafumbata, n'kupukuta manja pathalauza.

Duwa anali atangofika pamundapo atatsika minibasi pa Lirangwe, yunifomu ya ku labu ili m'jumbo. Ntchito yake ku Blantyre inali yosamala makoswe oyera mu labu ya anthu ofufuza zasayansi. M'mawa uliwonse ankanyamula kakhoswe n'kukaponya m'khola la khoswe wamkulu, mwini malo, yemwe ankakaluma mpaka kagone chagada. Kakabwerera kwake kankapeza mabotolo awiri, lamadzi ndi lamowa. Lamadzilo kankangolilambalala.

"Achimwene, basi zakwana," anatero Duwa, koma mawu anatuluka ozizira. Mundawo unali wa mayi awo, ndipo amene anachotsa Laston kwawo ku Chileka kuti adzakhale pachikamwini anali Duwa yemweyo.

Anatembenukira kwa mwamuna wake. "Bambo a Luso, tiyeni kunyumba ndikawiritse tiyi."

"Ndikupezani," anatero Laston osamuyang'ana, n'kulowa kanjira kotsikira kwa mayi wotcheza kachasu.

Ku labu, kulumana kukafika poipa, Duwa ankangopisa dzanja n'kutulutsa kakhosweko ndi mchira. Apa anangoti njo, dzanja lili m'malere, nkhuku zikutola mbewu ija pamapazi a achimwene ake.