Sukulu ya Aleke

Alamu anga a Lovemore anakankhira fomu ya sukulu ya asilikali patsogolo panga.

"Mwanayu ndi wa malemu mlongo wanga, mwini mbumba ndine. Akamuwongole kumeneko, asiye zokonda anyamata anzakezi."

Mwana wanga Aleke anangoima pakhomo la khitchini, akusisita chipsera chimene anamusiyira anzake a kusukulu m'tauni yathu ino ya Silver Spring.

Ndinatulutsa fomu ya sukulu ina m'thumba la jekete. Kusukulu yogonera komweko imeneyi ndinapitako ndekha Loweruka. Nditawafotokozera ahedi mmene Aleke alili, anangoti, "Sakhala woyamba. Amakonda masewera anji?"

Ndinasayina fomu yangayo.

"Alamu, mukupondereza mwambo!"

"Wokagona kumeneko ndi iyeyu, alamu, si inu. Aleke, katsitse sutikesi ya amayi ako."