Jekete ya a Kingston

Panali munthu wina dzina lake Vincent, wa ku Dedza, amene anabwera kuno ku Birmingham pa viza ya ntchito yosamalira okalamba. Inu akumudzi mumayesa kuno ndalama timatola mumsewu, ndiye ndikuuzeni. Viza imeneyi ndi chingwe cha mbuzi, ndipo wogwira chingwecho ndi kampani imene yakuitana. Ikakuchotsa ntchito, iwe n'kulephera kupeza ina yokulandira, basi longedza.

Kampani yake inali yaing'ono, ya ku Smethwick. Anamuphatikiza ndi mayi wina wa ku Karonga, Twambilile, kuti aziyendera limodzi nkhalamba m'makomo. Twambilile anali atakhalitsako kuno, ali ndi mwana mmodzi, Nia, wa pasukulu. Ndi amene anaphunzitsa Vincent zonse, kanyamulidwe ka wodwala, kakweredwe ka basi, mpaka kogula ufa.

Tsiku loyamba lomwelo manejala wawo, Fiona, ananena mosapsatira: "Osalandira kanthu kwa nkhalamba. Ngakhale bisiketi."

Ku Lozells ankasamalira a Kingston, bambo wa ku Jamaica amene mutu unayamba kuiwalaiwala. M'mawa wina wa Januwale Vincent analowa m'nyumbamo akunjenjemera, atavala kajuzi ka pakaunjika. Mkuluyo anamuyang'ana, natsegula kabati, natulutsa jekete yakuda, yolemera bwino.

"Tenga, mwana wanga, ungafe nako kuzizira."

Vincent anagwada, nalandira ndi manja awiri.

"Achimwene, bwezani," anatero Twambilile.

"Aa, chemwali, kwathu mkulu akakuninkha sukana. Mukufuna ndiwanyoze?"

"Kuno si kwanu. Pofika madzulo mkuluyu akhala ataiwala kuti wakupatsani."

"Inu mukuyankhula chifukwa muli ndi mafuta, mphepo siikulowani."

Anaivala, n'kupita nayo.

Loweruka kunabwera Tiffany, mwana wa a Kingston, ndipo anapeza jekete mulibe. Inali jekete imene bambo ake anavala pokwatira malemu mayi ake. Atawafunsa, mkuluyo anangoti, "Watenga mtsikana uja." Nkhope imene ankaidziwa inali ya Twambilile. Ya Vincent inali isanakhazikike m'mutu mwawo.

Fiona anamuimitsa kaye ntchito Twambilile. Twambilile anaimbira foni Vincent.

"Achimwene, ine sindinakutchuleni. Tengani jeketeyo mupite nokha, mukanene kuti anachita kukupatsani. Mukadzinenera nokha angokuchenjezani."

"Mawa, chemwali. Mawa m'mamawa ndili pa ofesi."

Koma Vincent anayamba kuganiza. Ng'ombe za bambo ake zimene zinagulitsidwa kuti iye akwere ndege. Mkazi ndi ana amene ankadikira kuti awaitanitse. Nanga Fiona akapanda kungochenjeza? Anaipinda jekete ija, kuiika mujumbo, n'kukaiponya mu bini ya zovala zachifundo ku Cape Hill. M'mawa anaimba kuti wadwala m'mimba.

Twambilile atadikira n'kutopa, anakanena zoona. Fiona anawaitana onse awiri.

"Vincent, a Kingston anakupatsa jekete?"

"Ine? Jekete yanji?"

Ananena maso ali pa nsapato. Twambilile sanakuwe, sanatukwane. Anangomuyang'ana.

Fiona anafunsa Twambilile chifukwa chake sananene tsiku lomwelo, ngati zinalidi choncho. Koma Twambilile akanati chiyani, kuti ndimabisa m'bale wanga? Mawu a nkhalamba analipo, nkhani yake yochedwa inaoneka ngati bodza. Anamuchotsa. Twambilile anayenda m'matauni a Walsall, Dudley, Wolverhampton kufuna kampani ina, koma ndani angalembe munthu wochotsedwa pa nkhani ya kuba m'nyumba ya wodwala? Viza inatha mphamvu.

Mashifiti a Twambilile anapatsidwa kwa Vincent. Ndalama zinachuluka, chakudya chinasiya kutsika. M'mawa uliwonse akamawasambitsa a Kingston, mkuluyo ankafunsa, "Kodi mtsikana wabwino uja ali kuti?" Vincent ankangoti ali kutchuthi. Kangapo anaima pakhomo pa ofesi ya Fiona kuti aulule, kenako n'kupempha magolovesi.

Lamulungu lomaliza, mpingo wa Amalawi ku Selly Oak unamutsanzika Twambilile. Iye sanauze aliyense kutchalitchiko za Vincent. Amayi anaimba, ena analira. Kenako abusa, osadziwa kanthu, anati:

"M'bale Vincent, inu ndi amene mumagwira naye ntchito mlongo wathuyu. Imirirani mupempherere ulendo wake."

Vincent anaimirira. Anatsinzina. Anati "Atate wathu", mawu n'kuthera pomwepo. Tchalitchi chonse chinkadikira. Misozi inayamba kugwera patayi.

"Mummy, why is uncle crying?" anafunsa Nia.

Twambilile anamugwira mwanayo paphewa, natembenukira kwa Vincent, n'kunena motsitsa koma momveka:

"Pempherani, achimwene. Musavutike n'kumufotokozera Mulungu. Iyeyo analipo."

Vincent anakhala pansi osamaliza. Anthu anati ndi chisoni cha mnzake, ena mpaka kumusisita pamsana kuti ali ndi mtima wabwino munthuyu. Lachiwiri Twambilile anakwera ndege, Nia atasiya sukulu pakati pa teremu. Vincent akadali konkuno, viza yake ili bwinobwino. Kutchalitchi sanapondekonso.

Phunziro: Ukafika dziko la eni, lamulo la pantchito limvere ngakhale likusemphana ndi ulemu wakwanu. Ndipo ukalakwa, senza wekha, usasenzetse amene anakugwira dzanja utangofika. Amalawi kuno timadyana tokhatokha kenako n'kumati azungu ndi oipa. Tumizani nkhaniyi kwa aliyense amene ali pa viza ya ntchito, ndi kwa amene akusoka kale chikwama kumudzi.